Mawu a Mayi Immacolata Amene Sitinawamve

Anamfedwa nonse, malemu Mayi Immacolata Santarsiero, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1931 kuno ku Tricarico, m'banja la Bambo Lapenna, osoka nsapato aja.

Mu 1950 masisitere, ataona nzeru zawo, anawatumiza ku Milano, ku yunivesite yakale ija yosakhala ya boma, kophunzira ana a mabwana. Kumeneko anasankha mabuku a Chingerezi, makamaka ndakatulo za zaka mazana anayi zapitazo. Aphunzitsi awo ankafuna kuti atsale komweko, koma mu 1955 mayi awo atadwala, anabwerera kuno ndi bokosi la mabuku.

Mu 1957 anakwatiwa ndi Bambo Egidio, ophika buledi, ndipo anaphunzitsa pasukulu yathu zaka makumi atatu. Tisanamizane pamaliro: tinkawaseka. Tinawapatsa dzina loti Mngelezi. Akayamba kulakatula pa chakudya cha Lamulungu, ine mlamu wawo ndinkayambirira kudandaula kuti msuzi ukuzizira. Ana awo omwe anakana kuphunzira chilankhulocho, ati anzawo angawaseke.

Pa 2 Novembala 1988 anagwa m'khitchini, ziwalo za mbali imodzi n'kufa. Atatsitsimuka, Chitaliyana chonse chinali chitawachokera. Chinatsala Chingerezi chokha, chakale chija. Adokotala anati Chingerezi chimene iwo amadziwa n'chongowerengera mabotolo a mankhwala. Tsiku ndi tsiku malemu ankagwira dzanja la Bambo Egidio, kuwayang'ana m'maso, n'kumabwereza mawu omweomwewo. Bambowo anabweretsa madzi, anabweretsa bulangeti, anaitana ansembe. Malemu ankangopukusa mutu, misozi ili chuchuchu. Kaya ankapempha kanthu, kaya ankatsanzika, kaya ankatikhululukira, sitikudziwa, ndipo zikutiwawa.

Manyazi anatichedwetsa kulembera Mayi Ottavia Redaelli, anzawo a ku yunivesite, amene akanatimasulira mawuwo. Iwo anafika kuno Lachitatu masana, pa 18 Januwale 1989, malemu atatisiya m'mawa wa tsiku lomwelo. Bambo Egidio anayesa kuwabwerezera mawu aja monga ankawamvera, anayesa kasanu konse. Mayi Ottavia sanatolepo kanthu, anangolira.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, Gerardo ndi Filomena, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino, amayi amene munkatithandiza kuwasambitsa, ndi inu Mayi Ottavia poyenda ulendo wonsewu.

Mzimu wawo uuse mumtendere kwa Ambuye, amene amamva zilankhulo zonse. Ife chinatikanika chimodzi chokha.