Chithunzi Chimene Ndinafufuta ku Salisbury Lines

Omvera anzanga, ndine wophunzira pa yunivesite kuno ku Mzuzu, ndipo ndimakonda kujambula mbalame. Loweruka lina ndinatsikira kudambo la ku Salisbury Lines, kumene anthu akumanga nyumba pafupi ndi madzi. Ndinaona nantchengwa atatera pachitsa, n'kuyamba kumujambula.

Pocheuka, ndinapeza anthu atandizinga, bambo wina khasu lili m'manja.

"Wakutumani ndani, adada?" anafunsa mayi wina atabereka mwana. "Mukujambula nyumba zathu kuti aboma adzatigwetsere?"

Ndinalumbira kuti ndadzera mbalame basi, koma bambo aja anagwira lamba wa kamera n'kukoka. Ndinawaonetsa zithunzi chimodzichimodzi. Phokoso linayamba kuchepa, mpaka tinafika pa chithunzi chokongola kuposa zonse: nantchengwa atatambasula mapiko, kumbuyo kwake kukuoneka nyumba yosamaliza kumanga.

"Nyumbayo ndi yanga," anatero mayi aja, misozi ikulengeza. "Mbalameyo akaipirikitsa iuluka. Nanga ine ndi ana anga tidzaulukira kuti?"

Ndinafufuta chithunzicho iwo akuona, mtima ukuwawa. Mayi aja anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene," ndipo anthu aja anandipatsa njira.

Anzanga ojambula, musanatulutse kamera, yambani mwapereka moni kwa eni malo.