Phokoso N'la Alendo

Pasiteji ya basi ku South Bend, ku America, mphepo ikuluma makutu, bambo Lucious anamva mayi wina wosamudziwa akudandaula za kuzizira m'Chichewa. Anasendera pafupi.

"Ndinu akumudzi, mayi? Wa kuti ulendowu?"

"Ku Indianapolis, kushifiti. Nanga inu?"

"Komweko. Ndinadzaonera mwana wanga Kenan. Amasewera mpira wawo wonyamula m'manjawu, kukoleji."

"Awina?"

"Akanaluza bwanji ali pakhomo? Koma manyazi amene ndaona ine! Timu yathu itangotenga mpira, ndinadzuka n'kuyamba kukuwa. Anthu onse maso pa ine. Mkulu wina anachita kundikoka jekete."

"Aa! Kuchemerera kwasanduka mlandu?"

"Akuti kuno anyamata anu akagwira mpira mumakhala chete kuti azimvana. Phokoso mumasungira alendo kuti asokonezeke. Kuyambira kusekondale mpaka kwa akatswiri mwambo ndi womwewo, chimangokula ndi chigulu cha anthu."

"Ndiye mwanayo anati chiyani?"

"Anandiyankha m'Chingerezi. Akuti ndisamavutike kubwera, ndizingoonera pa TV."

"Pepani, bambo. Kwa eni kulibe mkuwe."

"Ayi, ndaphunzirapo. Kuno akakukonda amakukhalira chete."

"Ndiyetu ine amandikonda koopsa. Chaka chachinayi chino ndikukhala ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis komweko, palibe anagogodapo pachitseko changa."

Basi inatulukira, mipando yambiri ili yopanda anthu.

"Mayi, tikakhale pamodzi. Paja phokoso n'la alendo. Mundisokosere mpaka ku Indianapolis."