Agogo Anaperekeza Mlendo

Moni kwa inu Bambo wansembe, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse. Ndikufuna kuchitira umboni. Ndine mwana wa sukulu, wa Fomu 3, ndimakhala ku Mbungo, pachilumba pompano. Mawu akandithera mundipirire.

Ambiri mumawadziwa agogo anga aamuna, aja ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ukalamba unayamba kuwalanda nzeru pang'onopang'ono. Anayamba kuiwala njira ya ku Yofu, kenako mayina athu. Ulemu wokha ndi umene sanaiwale.

Atadwala m'mimba, adokotala anati pali chotupa chofunika opaleshoni kumtunda, kutsidya kwa nyanja. Anatiuza zoona, kuti pa msinkhu wawo mwina adzuka, mwina sadzuka, ndipo eni ake avomereze.

Amalume, mwana wawo woyamba, anabwera kuchokera ku Mzuzu. Agogo sanawazindikire. Anawapatsa mpando nati, "Takulandirani, alendo."

Amalume anafunsa, "Bambo, tipite kumtunda?"

"Eya, chabwino."

Amayi nawo anafunsa, "Bambo, mukhale konkuno?"

"Eya, chabwino."

Abale, m'nyumba munavuta. Amalume anati, "Mlongo, ukufuna bambo afe ukuyang'ana?" Amayi anati, "Achimwene, mukufuna akafere pakati pa anthu osawadziwa?" Onse ankawakonda, onse ankalira, ndipo aliyense ankati agogo avomera zake. Ine ndinkangopemphera kuti Mulungu atithandize kumvetsa zimene agogo akufuna.

Tsiku la sitima linafika ndipo amalume anapambana. Agogo tinawaveka jekete, tinawatengera kudoko. Anayenda mokondwa, atanyamula kachikwama ka amalume, osalola kuti wina awalandire. Pamene boti lopita ku sitima linayandikira, anaika chikwamacho pansi, nagwira dzanja la amalume ndi manja awiri.

"Alendo, ndakuperekezani, ndithere pano. Muyende bwino. Ine ndibwerere, chinangwa changa chili m'madzi."

Mukudziwa inu, kwathu kuno mlendo sitimukaniza mawu, ndipo sitimusiya kupita yekha kudoko. Agogo sanavomere opaleshoni. Ankangolemekeza mlendo.

Amalume anakhala pansi pamchenga. Sindinaonepo munthu wamkulu akulira choncho. Boti linapita, ife tinabwerera.

Madzulo ake amayi ndi amalume anasiya kufunsa agogo. Anayamba kufunsana okha: bambo akanakhala ndi nzeru zawo zija, akanati chiyani? Anakumbukira kuti ngakhale ali ndi mphamvu sankagona kumtunda mosangalala. Anagwirizana kuti agogo akhale konkuno. Adokotala anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu, inu Bambo munkawabweretsera Mgonero kunyumba, ndipo amalume sanabwererenso ku Mzuzu. Ankawasambitsa, ankawamwetsa phala.

Kodi akanawoloka akanachira? Sindikudziwa. Funso limeneli limandipwetekabe, sindikubisirani.

Agogo sanawatchule amalume dzina mpaka mapeto. Koma atatsala pang'ono kutisiya anandikoka dzanja nanong'oneza kuti, "Mwana iwe, alendo awa ngabwino mtima. Uwauze amayi ako asawalole kupita."

Amalume ali pano, akhala pambali pa amayi. Maliro tinaika opanda mkangano.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anatiyankha kudzera mwa munthu amene tinkati sangathenso kuyankha. Zikomo inu amene munkabwera kudzatiimbira. Misoziyi musaione, abale anga. Imirirani, mukondwere nane.