Ndondocha za Che Abudala

Inali cha m'ma 10 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala 1989, dzuwa la pa Katete litayamba kale kufewetsa phula la mumsewu waukulu. Che Abudala, mwini kashopu ndi vidiyo yoyamba pamsika, anatsamiritsa tsache pakhoma n'kukhazika a Jairos Mbewe pabenchi, chifukwa tcheyamani wa sekishoni ya chipani anali ataitanitsa msonkhano wa mawa lake wokamba mphekesera yoti m'chipinda chakuseri kwa shopuyo mumabuula ndondocha.

Mphekeserayo inabwera ndi tepi yopanda dzina imene Che Abudala anagula kwa dalaivala wa lole, filimu ya akufa otuluka m'manda. Olowa mkati ankaona zithunzi. Otsala panja ankangomva kubuula, ndipo otsala panja ndiwo anali ambiri. Kwa munthu wobadwira ku Mangochi, mlandu woti waweta akufa kuti azimugwirira ntchito ukanatha ndi loko pachitseko ndi ulendo wobwerera kwawo. Mboni imene anasankha inali a Jairos, mkulu wa adzukulu, amene anakumba manda zaka makumi atatu ndipo sanamvekepo akunama.

"Tiyeserere, a Jairos," anatero Che Abudala. "Ine ndikhale tcheyamani. Lachitatu masana munalowa m'chipinda chakuseri. Munaona chiyani?"

"Mdima."

"Mdima wokha?"

"Munakhoma masaka m'mazenera."

"Kuti chithunzi chioneke bwino. Muzinena choncho."

"Chifukwa chake simunandiuze, Che Abudala. Ine ndinangoona masaka."

"Chabwino. Kenako?"

"Kenako munakiya chitseko n'kuika kiyi m'thumba."

"Za kiyi zisiyeni."

"Nanga akandifunsa?"

"Sadzafunsa."

"Inu mwafunsa."

Che Abudala anavula chisoti, napukuta thukuta pamutu, n'kuchibwezera. "Pitirizani."

"Munaliza jenereta, anthu aja n'kuyamba kubuula."

"Anthu ake ati? Apa ndi pamene mufotokoze bwino."

"Amene mumasunga m'tepi."

"Sindisunga munthu ine."

"Nanga tepiyo imagona kuti?"

"M'kabati."

"Yokiya?"

"Ee, yokiya. Akuba achuluka."

"Basi ndidzanena kuti mumawatulutsa 2 koloko masana, n'kuwabwezera m'kabati 4 koloko."

"A Jairos, mukufuna andikweze lole ya ku boda ya Mwami?"

"Iyayi. Ndani angatigulitse mafuta a nyale?" A Jairos anaika chipewa chawo pabondo n'kuchiwongola. "Koma musavutike mtima. Pali njira yachidule. Ndidzangoimirira n'kunena kuti aja si akufa."

Maso a Che Abudala anapita pabodi lakuda limene linali pakhonde. Analemba okha ndi choko, zilembo zazikulu, nabwereza kawiri kuti zioneke kuchokera kumsewu: LERO LERO. AKUFA ENIENI. PALIBE CHINYENGO.

"Zimenezo simudzanena," anatero.

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndi akufa."

"Si akufa."

"Dalaivala analumbira atagwira chiwongolero."

"Dalaivala wasambitsapo maliro angati?"

"Ndi akufa a ku Amereka. Amasiyana ndi athu."

"Munthu akafa ndi mmodzimodzi, Che Abudala. Ndinaikapo mzungu wa ku estate, sanasiyane ndi aliyense koma kutalika. Aja anawapaka ufa kumaso n'kuiwala makosi. Mutu ngati chinangwa, khosi ngati lanu kapena langa."

"Imfa imayambira kumutu."

"Imayambira kumapazi, koma tisakangane. Nanga wonenepa uja? Ntchentche inatera pamphuno pake, iye n'kuithamangitsa."

"Ntchentche imasowetsa mtendere aliyense."

"Wakufa ndiye yekha amene siimusowetsa mtendere. N'chifukwa chake timakhala pambali ndi kansalu."

Panadutsa mayi wina atasenza dengu. Che Abudala anaimirira kuti amupatse moni, koma mayiyo anasuzumira m'shopu osaima, n'kupitirira. Sabata yonse zinali choncho. Anakhalanso pansi.

"Mwaona? Sakulowanso. Ndiye mawa mudzanene zinthu ziwiri zokha. Choyamba, m'nyumba mwanga mulibe ndondocha. Chachiwiri, filimuyo ndi yoopsa kwambiri."

"Choyambacho ndidzanena. Chachiwiri ayi."

"Simunaope?"

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi a chiyani?"

"A adzukulu a dziko limenelo. Munaona manda ake? Olekeza m'maondo. Dothi longomwaza ngati ofesa fodya. Kachipinda ka m'mbali kosakumba, mitengo yotchingira palibe. Manda otero ngakhale mbuzi ingatulukemo. Ndiye anthu n'kumadabwa kuti wadzuka. Sanadzuke, sanamuike."

"Ndi filimu, a Jairos."

"Mwati ndi enieni."

"Akufawo ndi enieni. Mandawo ndi a filimu."

"Ndiye anatenga maliro a anthu n'kukawaika m'manda oseweretsa? Zimenezo ndidzanena mawa. Anthu ayenera kudziwa zimene mumagula."

"Simudzanena."

"Ndinenenso za nsapato. Onse anawaika atavala nsapato zomanga zingwe. Munthu ukamumangira zingwe za nsapato ukumuuza kuti chiyani? Kuti agone?"

 Zingwezo Che Abudala nawonso anaziona tsiku loyamba, anangoganiza kuti ena sadzaziona.

"Ena anaopa," anatero pomaliza. "Amayi Scholastica anatuluka filimu ili pakati, atagwira kumutu."

"Ndinawafunsa. Ati mtsikana wa m'filimu uja anathawa m'nyumba n'kusiya mpopi ukutuluka madzi, ndiye mtima wawo sunapirire."

"A Lameck anatseka maso."

"Anagona. Mkonono wawo ndi umene unamveka kwambiri panja. Theka la kubuula kumene mukuimbidwira mlandu ndi a Lameck."

"Nanga alimi a thonje a ku Sinda aja? Anakhala mpaka pomaliza, osaphethira."

"Ankadikira mwini wake."

"Mwini wake wa chiyani?"

"Wa ndondochazo. Ati zingakhale bwanji makumi anayi popanda woziweta? Maola awiri athunthu, palibe imene inagwira khasu. Palibe yonyamula thumba, palibe yolondera chigayo. Zimangoyenda manja ali patsogolo ngati zikufunafuna machesi. Mmodzi wa alimiwo anatuluka akupukusa mutu, ati dziko limenelo lili ndi antchito koma lilibe kapitawo."

"Anthu osadziwa luso."

"Makumi anayi ananena mowakomera mtima. Ine ndinawerenga asanu ndi awiri. Amazungulira kuseri kwa nyumba n'kutulukiranso mbali ina. Wamphako kumano uja anafa katatu."

"Anali apachibale. Amafanana."

"Malaya amodzimodzi ofiira?"

"Banja losauka."

"Kachitatuko anafa ali msilikali."

"Anapeza ntchito."

"Atafa kawiri?"

"A Jairos, inu mumakumba manda, ine ndimaonetsa mafilimu. Aliyense ntchito yake."

"N'chifukwa chake za jenereta sindinanenepo kanthu, ngakhale inazima kanayi. Koma za maliro ndi zanga. Magazi aja ndi tomato. Ndinaona njere."

"Munakhala kumbuyo. Simukanaona njere."

"Ndinaonanso chithunzithunzi cha wojambulayo pakhoma, akusuta fodya. Mnzake akudyedwa apo, iye osataya n'komwe ndudu."

Che Abudala anaimirira, nayenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. Mumsewu munadutsa basi ya ku Chipata, fumbi n'kutera pamalo amene anali atasesa kale.

"Palibe ngakhale malo amodzi amene anakugwirani mtima?" anafunsa, mawu atatsika.

A Jairos anayang'ana chipewa chawo.

"Amodzi. Pamene mkazi wakufa uja anabwerera kunyumba n'kugogoda, mwamuna wake n'kukatenga mfuti."

"Mwaona. Pamenepo aliyense amanjenjemera."

"Sindinanjenjemere. Ndinangoona kuti mwamunayo alibe mwambo. Munthu wayenda kuchokera kumanda, chovala chonse dothi. Akanakhala mayi a kunyumba kwanga, ndikanatsegula, n'kuwapatsa madzi, n'kuwafunsa kumene anaika lumo langa."

"Zaka zingati tsopano chimwalirireni?"

"Zisanu ndi chimodzi. Lumolo silinapezeke." Anavala chipewa. "Koma awo sangabwere. Okumba manda awo anali anzanga, ine nditaima pomwepo. Munthu wamtali ankalowa osaoneka."

Che Abudala anayang'ana bodi lija nthawi yaitali. Anaganiza za loko pachitseko, za katundu pa lole, za achibale a ku Mangochi akuwafunsa chimene abwera nacho patatha zaka makumi awiri. Kenako ananyowetsa kansalu m'ndowa, n'kuyamba kufufuta. ENIENI anachoka msanga. PALIBE anavuta, chifukwa mawu amenewo okha anali atawabwereza katatu.

"Chabwino," anatero osacheuka. "Mawa mudzanene zonse. Ufa, tomato, wamphako kumano. Munene kuti ndi anyamata asanu ndi awiri osowa ntchito amene anabwereka kamera. Munene kuti Che Abudala ananamizidwa ndi dalaivala. Mwakondwa?"

"Ndidzanene kuti?"

"Kumsonkhano."

"Msonkhano kulibe."

Kansalu kanaima pabodi. "Mwati bwanji?"

"Atcheyamani anauthetsa dzulo. Anatiuza kumanda, tikuika agogo a Bonface."

"Ndipo mwakhala apa ola lathunthu osandiuza?"

"Munati tiyeserere. Za msonkhano simunafunse."

Che Abudala anakhala pabenchi pang'onopang'ono. Anayamika Mulungu chapansipansi. Kenako anafunsa, monga munthu wofuna kumva zabwino zake kawiri.

"Anathetsa chifukwa anazindikira kuti ndine munthu wopemphera?"

"Iyayi."

"Chifukwa ndakhala nawo bwino zaka zonsezi?"

"Zimenezo sanatchule. Anatuma akazi awo kudzasuzumira m'shopu. Anakanena kuti pashelefu pali machesi, singano za primus ndi mabotolo atatu a mankhwala a chifuwa. Shuga palibe, mafuta a saladi palibe, sopo palibe. Atcheyamani anati munthu woweta ndondocha sangakhale chonchi."

"Shuga kulibe dziko lonse."

"Anatero ena. Koma a Josephat a chigayo anati amene ali nazo zenizeni, shuga amamupeza. Onse anavomera."

"Nanga azimayi amene asiya kulowa muno?"

"Alowe adzagule chiyani? Singano ya primus munthu amagula kamodzi pachaka."

"Ndiye anthu akuti chiyani za ine?"

"Zabwino zokhazokha. Ati Che Abudala ndi woyera ngati pepala. Ati ngakhale atamupatsa ndondocha yaulere, ingathawe ndi njala. Amayi Scholastica anati tikuchitireni chifundo, tizibwera kudzaonera kafilimu kanu kaufa, mungafe ndi ulesi."

"Kafilimu."

"Anatero iwo."

Che Abudala anaimirira. Makutu awo anali atatentha kuposa malata a khonde.

"Ndani wanena kuti ine sindingakwanitse? Josephat? Josephat amene chigayo chake chimayenda masiku awiri pasabata? Ine ndinabwera pano msika uno uli tchire. Vidiyo yoyamba pa Katete yonse ndi ya ndani?"

"Yanu."

"Jenereta?"

"Yanu. Imazima, koma ndi yanu."

"Ndiye munthu wotere n'kumunena kuti sangawete ngakhale imodzi?"

"Mumafuna anene kuti muli nazo?"

"Sindinatero."

"Mumafuna anene kuti mulibe."

"Anene kuti ndilibe chifukwa sindifuna. Osati chifukwa sindingathe."

"Kusiyana kwake sikuoneka pashelefu."

Che Abudala anayang'ana kumsewu, mbali iyi ndi iyo, n'kuwerama pafupi ndi khutu la a Jairos.

"Tamverani, akulu. Inu anthu amakukhulupirirani. Mukamacheza kumanda, mungoponyapo mawu. Osati zambiri. Mungoti mwina kamodzi kalipo, kakang'ono, kothandiza zapakhomo."

A Jairos anaimirira, nakung'untha fumbi kumbuyo kwa buluku.

"Sindingathe, Che Abudala. Ine ndimanena zimene ndaona. Ndipo m'mawa uliwonse ndimakuonani mukusesa nokha."

Anatsika pakhonde n'kulowera kumsika, akuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mthunzi. Che Abudala anatsala akuyang'ana tsache lija pakhoma, ndi fumbi limene basi inasiya. Anadikira mpaka chipewa cha a Jairos chitazimiririka kuseri kwa ogulitsa tomato. Kenako anatenga tsachelo, nalowa nalo m'shopu, nakankha chitseko mpaka kutsala kampata, n'kuyamba kusesa osatulutsa mawu, kuti odutsa amve tsache koma asaone woligwira.