Liwu limodzi limene ndinkaopa kufa nalo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Rimuka ndi inu muli kutali, landirani moni wanga. Chaka chatha sindikanatha kukupatsani. Sitiroko inandigwira ndikuthirira masamba kuseri kwa nyumba. Mwendo unachira msanga, koma mawu anakana. Ndinkawadziwa m'mutu, akafika pa lilime n'kusowa.

Chimene chinkandidya sichinali imfa. Ine ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi zaka makumi anayi, tikaweruka ku fakitale ya nsalu, ndipo ndinanyada nako mopitirira. Lamlungu lina ndinaimika mwana wanga Lameki kutsogolo kwa mpingo kuti awerenge Mawu, ndikudziwa kuti ndi wachibwibwi. Anakakamira pa liwu loyamba, ana anzake n'kuyamba kuseka. Ndinamumenya pakamwa ndi buku la nyimbo anthu akuona. Atakula anasamukira ku Chegutu. Ankabwera pa maliro ndi pa Khirisimasi, koma kwa ine ankangoti "eya" ndi "ayi". Zaka zonsezo ndinkazengereza kupepesa, ndiye pano pakamwa panatseka. Ndinkapemphera chamumtima kuti Mulungu andibwereke liwu limodzi lokha.

Kuchipatala ananditumiza kwa Mayi Shumba, munthu wachitsikana ndithu. Mlongo wanga amene anandiperekeza anawafunsa m'Chishona ngati ndi anesi. Iwo anaseka.

"Ayi, gogo. Sindine nesi, sindine dokotala. Ine ndimathandiza ovutika kulankhula ndi kumeza."

Anatilozera mapepala awiri pakhoma. Lina linali la ku yunivesite kumene anaphunzira zaka zinayi, lina chilolezo cha bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, chimene amakatenganso chaka ndi chaka. Anati ngakhale kwawo amawafunsabe ngati kuphunzitsa munthu kulankhula ndi ntchito yeniyeni. Kunena zoona, inenso ndinkakayika.

Milungu iwiri palibe chinatuluka. Kenako Mayi Shumba ananditchula agogo m'Chishona n'kunena kuti, "Sekuru, tayimbani nyimbo ya kutchalitchi." Anagwira dzanja langa lamanzere n'kumaligogodetsa patebulo. Vesi yonse inatuluka, m'Chichewa, osaphonya. Anandiuza kuti mawu oimba amayenda njira ina m'mutu, ndipo ife tidzera yomweyo. Koma Chichewa sankachidziwa, odwala anali ambiri pa iwo okha, ndipo pankafunika wachibale wochita nane zimenezi kunyumba. Mlongo wanga sakanatha, poti samva bwino. Iye anangoimbira foni Lameki osandifunsa.

Lameki anabwera. Mayi Shumba anamupatsa lamulo limodzi, lakuti asamandimalizire mawu. Iye anamwetulira n'kunena kuti, "Limenelo ndi-ndimalidziwa."

Loweruka lililonse ankakwera kombi kuchokera ku Chegutu. Tinkakhala pakhonde, iye n'kumandiimbitsa "madzi", "tiyi", "zikomo". Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinagogoda pabondo n'kuimba dzina lake. Linatuluka. Liwu lotsatira linandikakamira pamilomo, thukuta n'kumatsika.

"Musafulumire, ababa," anatero. "Ine ndi-ndidikira."

Anadikira, chimene ine sindinamuchitire ali mwana.

"Pepa," ndinatero. "Buku lija."

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Zaka makumi atatu pa liwu limodzi, ababa. A-apa mwandiposa."

Tinaseka mpaka misozi, mlongo wanga n'kutuluka kudzafunsa ngati pagwa zovuta.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ntchito yake sindinkaidziwa n'komwe. Inu muli ndi mwana wachibwibwi kapena wodwala amene mawu amuthawa, funsani kuchipatala za anthu amenewa. Ndi ochepa, koma alipo, ndipo anaphunziradi. Chibwibwi si mwano, ndipo kumenya sikuchiza. Musatope kupemphera, musatopenso kudikira.

Pa Pasaka Lameki anawerenga Mawu kutsogolo kwa mpingo womwewo. Anakakamira kawiri, anthu anadikira. Atamaliza, Ameni woyamba anali wanga.