Khadi Linali Langa, Dzanja Linali la Zefaniya

Ine, Potiphar Mlongoti, wazaka 44, wa m'mudzi wa Chimwala, Mfumu Yaikulu Kachindamoto, m'boma la Dedza, mlonda pa nyumba ina yosanjikizana ku Business Bay, m'dziko lino lakunja, ndikupereka umboni uwu kudzera mwa womasulira.

Lamulungu pa 11 Meyi chaka chino ndinayenera kuyamba ntchito 6 koloko m'mawa. Tsiku lomwelo kwathu kunali chinkhoswe cha mwana wanga Selinah, ndipo ndinkafuna kuonera pafoni. Pageti foni ndi yoletsedwa. Ndinapempha Zefaniya Chimphonda, mlonda mnzanga amene timagona chipinda chimodzi ku International City, kuti andigwirire, poti iye anali pa ofu. Ndinamupatsa khadi langa lolowera. Kampani siilola zimenezi, koma alonda timachitirana.

Potuluka anati, "Yalla, tiyeni nazoni achimwene, vinani pafonipo. Koma ntchafu ya nkhukuyo ndi yanga."

Nthawi ya 10:40 m'mawa anandiimbira a Chisanga, supavaiza wathu wa ku Chipata. Anati, "Iwe Potiphar, kompyuta ikamba ati uli pa geti. Manje uyu wamene tanyamula ni ndani?" Anandiuza kuti geti lachitsulo lolowera malole laguluka n'kumugwera Zefaniya pa dzanja lamanja. Chinkhoswecho sindinaonerenso.

Mawa lake a Chisanga anandiitanira kumbali nati, "Ukakamba, tonse tapya. Khalas, basi, khala zii." Ndinakhaladi zii. Ndinali ndi mantha. Lipoti la kampani lomwe linafika kuno ku polisi linati Zefaniya anali pa ofu ndipo anangobwera kudzacheza. Ndinaliona, sindinatsutse.

Zefaniya anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Anamudula zala zitatu. Madokotala a boma analemba kuti dzanjalo silidzagwiranso kanthu. Atapita ku ofesi ya boma yoona za ntchito, anamuuza kuti chipukutamisozi cha olumala amalandira ndi munthu wovulala ali pantchito, ndipo mapepala ake akusonyeza kuti iye sanali pantchito. Anabwerako chimanjamanja.

Dzulo cha m'ma 5 koloko madzulo ndinamupeza m'chipinda akulimbana ndi batani la malaya ndi dzanja lamanzere. Ndinaima pakhomo pafupifupi mphindi zitatu, batani osalowa. Ndinamumangira. Kenako ndinamuuza kuti ndikubwera kuno.

Anati, "Musakaulule, achimwene. Muli ndi ukwati wa mwana kutsogoloku. Ine zanga zada kale."



Lero ndakwera basi ndi sitima ya Metro, ndafika pano 8:15 m'mawa. Ndapereka khadi langa ndi foni, momwe muli uthenga womwe ndinatumizira Zefaniya womupempha kuti andigwirire. Wapolisi amene akundifunsa waitanitsa zithunzi za kamera ya pageti. Taonera limodzi. Zikuonetsa Zefaniya atavala yunifomu akugunditsa khadi langa nthawi ya 5:52, ndipo akuoneka ali pamalo ake a ntchito mpaka geti kugwa. Ndauzidwa kuti lipoti likonzedwa n'kutumizidwanso ku ofesi ija, ndipo kuti wovulala chonchi amawerengedwa kuti anali pantchito. Apa mpamene mtima wanga wakhala pansi. Ndapempha madzi, ndamwa makapu awiri.

Andilola kumuimbira Zefaniya. Nditamuuza anati, "Ndiye mwachitadi zopusazo?" Ndinamumva akuseka, kenako akumina.

Palibe amene wandikakamiza kunena izi. Ndafunsidwa ngati ndikudziwa kuti kampani itha kundichotsa ntchito n'kundibweza kwathu. Ndikudziwa. Ndikabwerera ndi manja onse awiri, khasu ndikagwira.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, palibenso zina.

Wosaina: P. Mlongoti