Nsidze zanga ndi foni ya nyanga

Zaka zija mafoni a m'manja atangofika kuno ku Misuku, ine ndinali ndikugwirabe ntchito ya zankhalango ku Mughese, ndipo inu ana simudziwa kuti kale uthenga unkayenda pa njinga, moti munthu unkamva za maliro a m'bale wako anzako atabwerako kale kumanda. Foni yanga yoyamba inali yolemera ngati mwala wonolera chikwanje, ndipo kuti ulankhule unkayenera kukwera pachulu n'kuima ngati tambala. Koma kulimba kwake! Inagwera mumtsinje wa Lufita, ndinangoiyanika padzuwa, n'kudzuka. Batire lake linkatha sabata lisanapemphe moto, osati zanuzi zoti m'mawa mwatchaja, masana zakomoka.

Inanditumikira zaka zambiri mpaka chivundikiro ndinkachimanga ndi mphira. Tsiku lina kutchalitchi ndinaona wapolisi wina wachinyamata akutulutsa yake yonyezimira, ndipo yanga ndinaibisa m'thumba ngati ndaba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinatsika kuboma, ndipo wamalonda wina wa kutsidya kwa malire anandilandira m'Chiswahili kuti, "Karibu mzee! Iyi ili ndi wailesi, tochi, ngakhale kanema. Munthu wolemekezeka ngati inu asayende ndi mphira." Anasolola kanyanga kake kataliatali, ine mtima dyokodyoko. Sindinafunse kalikonse. Yakale ija ndinapatsa agogo anu aakazi, a Namwila, ngati ndikuwachitira chifundo.

Musaseke, nkhani sinathe. Kanemayo sindinamuonepo, ankangoonetsa mchenga. Mvula yoyamba itagwa, batire linatupa ngati chitumbuwa, foni n'kuzima, ndipo amisiri onse pamsika anapukusa mutu kuti zipangizo zake sizipezeka. Koma ine ndinkayendabe nayo m'thumba la malaya, nyanga ili kunja, kuti anthu aziona.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi ako iwe Lusungu ali ndi pakati pa iweyo ku Karonga. Matenda atavuta, madokotala ananena kuti pakufunika opaleshoni, ndipo bambo ako anandiimbira kambirimbiri, osandipeza. Anayesa ya mphira ija, ndipo inalira agogo anu ali m'munda wa khofi. Anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Abambo, mwana wathu ali pakati pa moyo ndi imfa. Kodi yanu ya kanemayo sinakuuzeni?"

Iwo ananyamuka tsiku lomwelo kukadikirira matenda, ine n'kutsala kusamala pakhomo, wopanda foni, wopanda uthenga, mtima uli m'mwamba. Mkwiyo wanga wonse ndinathira pa foni ija. Ndinasonkha moto padzala n'kuiponyamo, ndipo monga munthu wanzeru ndinawerama kuti ndione mmene ikupsera. Phuu! Nkhuku zinabalalika, utsi wakuda wonunkha unandilowa pakhosi, ndipo nditagwira kumaso, nsidze panalibe.

Anandithira mankhwala ndi a Phiri, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Dedza, amene ankayesetsa kubisa kuseka. "Madala," anatero, "mwapulumuka maso. M'mabatiremu muli poizoni. Mukawotcha mumapuma, mukataya padzala mvula imakokolera kumtsinje, ndipo madziwo ndi omwe tikumwa tonse." Ine, munthu amene ndinakalamba ndikuletsa anthu kuwotcha nkhalango, ndinangoti yewo.

Mulungu anachita chifundo, iwe unabadwa, mayi ako n'kuchira. Nditafika kuchipatala, mayi akowo anandiyang'ana kumaso kopanda nsidzeko n'kugwira pamimba ndi kuseka. "Adada, tulukani, mundiphulitsa ulusi!"

Tsono Lusungu, ndamva kuti ukufuna foni yatsopano, ndipo sindikuletsa, nthawi ndi yanu. Kale chinthu tinkachisoka, lero mumangosintha, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Usayambe ndi wogulitsa, yamba wafunsa mmisiri wokonza kuti ndi iti imene batire ndi galasi lake zimapezeka. Ngati yomwe uli nayoyo ikulankhulabe, ileke ikalambe kaye. Ikadzafa usaiwotche, usaiponye m'chimbudzi kapena kumtsinje, kaisiye kwa amisiri achotsemo zothandiza ena. Ndipo tsiku lopita kuboma utenge agogo ako aakazi. Ine wogulitsa akangondinena kuti ndine wolemekezeka, nzeru zimandithawa mpaka lero.